Thambo lofiira lija silidyedwa

Chitsikireni minibasi pa Lizulu sabata yatha, aliyense akungondifunsa za chithunzi chija ndinaika pa WhatsApp, cha thambo lofiira ngati moto wolusa m'phiri. Amalume anangochiona n'kutsimikiza kuti mphwawo walemera. Pano akufuna matumba anayi a feteleza wa mbatatesi.

Amalume, ndinachijambula cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndikukataya zinyalala kuseri kwa khitchini. Inde, m'mawa. Ku Longyearbyen, pa zilumba za Svalbard za dziko la Norway, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, dzuwa likalowa kumapeto kwa Okutobala limakatulukanso mu Febuluwale. Mu Disembala masana kumakhala bii ngati pakati pa usiku. Ndinapitako chifukwa pangano la mayiko la 1920 linatsegula malowo, munthu umagwira ntchito wopanda viza. Za mdima wa miyezi yoposa itatu palibe anandiuza.

Kuwala kwa m'thamboku anzathu kumeneko amati nordlys. Ophunzira a pa UNIS, sukulu ya ukachenjede ya kumeneko, amene amabwera kudzamwa khofi, ndiwo anandimasulira. Dzuwa limalavula tinthu ta mphamvu ya magetsi tothamanga makilomita pafupifupi 400 pa sekondi. Dziko lili ndi maginito ake otitchinjiriza, koma cha kunsonga kwake, mbali yoyang'ana dzuwa, pali polowera ngati fanelo yothirira palafini. Svalbard imadutsa pansi pa polowerapo masana. Tinthuto tikagunda okosijeni pamwamba pa makilomita 200, thambo limafiira, tikatsika m'munsi limabiriwira. Kwina kuwalako kumabisika ndi dzuwa, ife timakuona poti dzuwalo tilibe. Mpaka anamanga nyumba yofufuzira kuwalaku yotchedwa Kjell Henriksen Observatory paphiri n'kuitsegula mu 2008, anthu ophunzira kumalipidwa chifukwa choyang'ana kumwamba.

Ine ndikayang'ana kumwamba mphindi ziwiri, bwana ali pakhomo, ati mapoto akudikira. Alendo amalipira ndalama yoti kuno ungagule ng'ombe kuti akaone zimene ine ndimaona nditanyamula thumba la makoko a anyezi, zala zitauma gwa. Ndinkadzitama kuti mwana wa ku Ntcheu sawopa chisanu, poti ndinakulira mphepo ya Juni ya ku Tsangano. Bodza lenileni. Ukafuna kupitidwa mphepo kunja kwa tauni pamafunika mfuti, kuopa zimbalangondo zoyera. Kabichi mmodzi, amene pa Lizulu amayi amakuikira ngati basela, kumeneko ndimamuzungulira kawiri m'sitolo ndisanamugwire.

Feteleza ndigula matumba awiri, amalume. Otsalawo mukapemphe kwa mphwanu wa ku Joni, iye dzuwa amaliona tsiku lililonse.