Dzina pa setifiketi palokha silikwanira

Nkhani yomwe ndawerenga ya unzika wa ana obadwira kunja kwa America yalembedwa bwino koma pomwe yanena kuti bambo yemwe ndi nzika ya America akangolembedwa dzina pa setifiketi ya kubadwa basi mwana naye wakhala nzika ya America, apo ndiye ayi. Ngati makolowo sanakwatirane a ku embasi ya America amafuna umboni woti magazi ndi amodzi, akakayikira amakuuzani zoyezetsa DNA, ndipo osati timapaketi togula pa intaneti toyezera kunyumba tija, amafuna labu yovomerezedwa ndi AABB (bungwe la ku America lomwe limavomereza malabu oyeza DNA), mwana amakamupaka kathonje mkamwa a ku embasiwo akuona ndipo zotsatira zifike 99.5 peresenti. Ndalama zake mulipira nokha.

Zikagwirizana bambo amasaina kuti azimusamalira mwanayo mpaka zaka 18, komanso asonyeze kuti anakhalapo ku America zaka 5, ziwiri mwa zimenezo atapitirira zaka 14. CRBA, chomwe ndi chikalata cha ku embasi chotsimikizira kuti mwana wobadwira kunja ndi nzika ya America, ifunsidwe mwana asanakwane 18. Abambo anzanga osamangosaina kuti ndi wanga mumtima mukukayika chifukwa cha manyazi, bodza ku imigireshoni limadzakutsatani.

Nanga zikapezeka kuti mwana si wake? Ambiri amangoti zathera pomwepo koma ayi ndithu. Bamboyo akakwatira mayi wake mwanayo asanafike zaka 18, malamulo amamutenga ngati mwana womupeza ndipo atha kumulembera fomu ya I-130 yopemphera wachibale kuti akakhale ku America, za magazi safunsa n'komwe. Kungoti apa mwana sakhala nzika kuyambira pobadwa, amalowa kaye ndi green card (chilolezo chokhazikika ku America), komanso ukwatiwo amaufufuza ngati ndi weniweni.