Njinga tiziimika pati mu Mzuzu muno?

Anzanga a mu Mzuzu, lero ndilankhulepo za njinga yakapalasa, ndipo ndikufuna makhansala athu ndi a ku khonsolo amve nawo. Mzinda uno umayenda pa njinga, koma njingayo ilibe poima. Galimoto anaijambulira malo ndi penti kutsogolo kwa mashopu, minibasi zili ndi depoti, ngakhale ndege ili ndi bwalo lake kufupi ndi tauni. Njinga yokha ndiye palibe anaiganizira.

Talawirirani m'mamawa mukaime m'mbali mwa msewu wochokera ku Luwinga, kapena pamene anthu a ku Chibavi, Chiputula ndi Mchengautuwa amatulukira polowa m'tauni. Muona a kabaza, amene kuno timawatcha a Sacramento, atanyamula ana a sukulu ndi amayi a madengu opita ku Zigwagwa. Muona abambo a nkhuni atazisanja mpaka kupitirira mutu, alonda akuweruka, amisiri atamangirira zida pa kaliyala. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mu mzinda muno tilimo anthu oposa 220,000, ndipo pano tachulukirapo. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuphatikizapo mizere ya mafuta ija, ndikudziwa anthu amene anasasa fumbi njinga zawo zakale n'kuyambanso kupalasa popita ku ntchito. Nanga onsewa akafika kumene akupita, njinga amaisiya pati?

Tonse timaona. Pa mtengo, pa chikwangwani cha msewu, pa waya wa mpanda, pa zitsulo za windo la shopu mpaka mwini wake atatuluka kudzakalipa. Ina imangogona pansi m'njira ya anthu oyenda pansi, gogo kapena munthu wa vuto losaona n'kumapunthwapo.

Kumapeto kwa mwezi wina ndinali pa mzere m'banki ina m'tauni muno. Patsogolo panga panali bambo achikulire, buluku atalipisira m'sokosi mwendo wakumanja, chipewa chili m'manja. Maso awo sanali kutsogolo kwa mzere, anali ku chitseko. Pakapita kanthawi ankanditembenukira, "Achimwene, mundisungireko malo," n'kutuluka kukasuzumira njinga. Mlonda anali atawaletsa kuitsamiritsa pa khoma, ati ikudetsa penti, ndiye anakaisiya kutsidya kwa ngalande, atakhoma tayala lakumbuyo ndi kaloko kakang'ono kaja kamene sikaletsa munthu kuinyamula paphewa n'kumapita. Pakhomo penipeni panali malo a galimoto opanda kanthu. Bambo amenewa ndi kasitomala wa bankiyo chimodzimodzi ndi wobwera pa Prado, nawonso amawadula ndalama mwezi ndi mwezi. Zinandipweteka mtima.

Kwa wakabaza njinga ndiwo munda wake. Lendi, ufa, fizi ya mwana, zonse zimachokera pa matayala awiriwo. Ambiri njingayo si yawo, ndi ya bwana amene iwo amamupatsa ndalama pa tsiku kapena pa sabata, ndiye ikabedwa ngongole imagwera wopalasayo. Tikudziwanso zimene zimachitika wakuba njinga akagwidwa pa msika, anthu sadikira apolisi. Nkhani ya poimika njinga ndi nkhani ya chuma cha anthu osauka ndiponso ya bata m'tauni.

Ndikudziwa ena munena kuti misewu ya kumakwalala ndi maenje okhaokha, zinyalala sizikuchotsedwa, ndiye za njinga zidikire. Mavuto amenewo ndi oona. Koma mwa ntchito zonse zimene mzinda ungagwire, iyi ndi imodzi mwa zotsika mtengo kwambiri. Malo amene galimoto imodzi imaimapo angakwane njinga 8 mpaka 10. Sitikufuna ngongole ya kunja kapena kontirakitala wochokera kutali. Ku Utrecht, m'dziko la Netherlands, anamanga poimika njinga 12,500 pa siteshoni ya sitima, ntchito imene inatha mu 2019, koma ife sitikupempha zimenezo. Tikupempha paipi, simenti, malata ndi mmisiri wowotcherera zitsulo, ndipo amisiri otere ali mbwee mu mzinda muno. Ena munena kuti njinga zamoto zalanda msika, yakapalasa ikutha. Mafuta akasowa mudzaone amene amatsala pa msewu.

Tsopano pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi pa kapangidwe kake, chifukwa ntchito imeneyi ikhoza kuchitika koma n'kuchitika molakwika. Mwina munaonapo zitsulo zija za mipata yopapatiza zoti uzilowetsamo tayala lakutsogolo. Zimenezo tisayerekeze. Njinga ikakankhidwa pang'ono limu imapindika, masipoko n'kuthyoka, komanso wakuba amangomasula tayalalo n'kutenga njinga yonse. Chimene chimagwira ntchito ndi paipi yopindidwa ngati chilembo cha U chozondoka, miyendo iwiri yokwiriridwa m'simenti, msinkhu wake kufika cha m'chiuno pang'ono. Chinayambira ku Sheffield, ku England, ndipo chafala m'mizinda yambiri chifukwa ndi chosavuta. Njinga imatsamira ndi felemu, ina mbali ino ina mbali inayo, ndipo tcheni chimazunguliza felemu ndi tayala pamodzi.

Koma tisangokopera miyeso ya kunja. Kumeneko amasiya mpata wa mita imodzi pakati pa chitsulo ndi chinzake, poganizira njinga zowonda zopanda katundu. Njinga za kuno ndi zina. Ya kabaza ili ndi khushoni kumbuyo, zopondera za pasenjala m'mbali ndi zogwirira. Ya geni kaliyala yake anaikulitsa ndi zitsulo, nthawi zina pali dengu kapena kreti. Mukapanikiza zitsulo, theka la malowo lidzakhala losagwiritsidwa ntchito. Wojambula pulani atenge tepi akayeze njinga za Buffalo ndi Hero zenizeni pa siteji asanalembe nambala iliyonse.

Kenako mvula. Aliyense wokhala kuno amadziwa kuti anzathu a kumwera akamakolola ife ambulera tisanasiye, ndipo ikatha mvula kumabwera mawawa a nyengo yozizira. Paipi wamba idzachita dzimbiri msanga, ndiye pafunika ija yosachita dzimbiri imene amagwiritsa ntchito pa madzi. Pansi pafunika simenti kapena miyala, apo ayi padzasanduka matope a katondo. Pamene njinga ikhalitse pafunika denga la malata, chifukwa tcheni chonyowa chimatha msanga, ndipo khushoni ikanyowa palibe mayi wovala bwino angakhalepo, tsiku la wakabaza lathera pomwepo. Zitsulozo azikwirire mozama ndithu, chifukwa ogula zitsulo zakutha alipo ndipo zomangira ndi mabawuti sizichedwa kusowa. Pakhalenso nyali ya sola.

Chinanso n'chakuti oimika njinga si amodzi. Wakabaza safuna loko, amakhala pa njinga yake kudikira pasenjala, chimene akufuna ndi siteji yovomerezeka, yodziwika malire ake, pamene sathamangitsidwa. Wolowa m'shopu, m'banki kapena ku positi ofesi kwa mphindi zochepa amafuna chitsulo pafupi ndi khomo, poti aziiona njinga yake, ndipo pamenepo pasakhale kulipira. Amene amavutika kwambiri ndi wosiya njinga tsiku lonse: wogulitsa mu msika waukulu kapena ku Taifa, wodzazonda matenda ku Mzuzu Central Hospital kapena ku St John's, wokwera minibasi pa depoti kupita ku Nkhata Bay kapena ku Ekwendeni n'kubwerako madzulo. Ameneyu afunika malo a mpanda, mlonda ndi chiphaso cha nambala, china chomangirira pa njinga china m'thumba. Alipire kangachepe, koma apatsidwe lisiti, ndipo zidziwike poyera kuti njinga ikasowa m'katimo alipira ndani. Popanda zimenezo anthu sadzakhulupirira, adzabwerera ku mtengo wawo uja. Pakona pa malo oterowo mupatseni mpata wokonza njinga ndi pampu yake. Munthu amene amakhalapo tsiku lonse ndipo amadziwa njinga iliyonse ndi mwini wake, wakuba amamuopa.

Funso lalikulu ndi lakuti malowo akhale pati, ndipo apa ndi pamene ndili ndi mantha. Mantha anga ndi akuti wina adzakhala mu ofesi, n'kupeza kamalo kopanda ntchito kuseri kwinakwake, n'kulamula kuti njinga zonse zizikaima kumeneko, kenako n'kuyamba kulanda zopezeka kwina. Tinaziona ndi mavenda m'mizinda yathu yonse: ukawapatsa malo kumene kulibe ogula, amabwerera mu msewu. Wa njinga nayenso sangasiye njinga patali n'kuyenda wapansi ndi thumba la ufa. Poimika njinga pasakhale njira yochotsera njinga m'tauni mwaulemu. Njinga zasonyeza kale pamene zikufuna kuima. Paliponse pamene mukuona zisanu kapena khumi zitatsamira mpanda tsiku ndi tsiku, pamenepo ndiye poyambira.

Kuwerengako sikovuta. Pa Mzuzu University pompa amaphunzitsa za mapulani a matauni. Ophunzira amenewa atayenda sabata imodzi ndi kope mu msewu wa Orton Chirwa, kuzungulira msika, depoti, Katoto ndi Mapale, m'mawa, masana ndi madzulo, tsiku la pakati pa sabata ndi Loweruka, khonsolo ikhoza kukhala ndi mapu enieni osawonongapo ndalama zambiri. Akafunsenso matcheyamani a masiteji a kabaza, chifukwa iwowo amadziwa pamene madzi amadikha, pamene akuba amabisalira ndi pamene mapasenjala amatsikira. Amayi opalasa njinga afunsidwe paokha, chifukwa malo a mdima amene bambo angalolere, mayi sangapiteko madzulo.

Mzuzu unakhala mzinda mu 1985, ndipo m'kati mwa tauni mukadali mipata imene ku Limbe inatha kalekale. Koma nyumba zikumangidwa usiku ndi usana, ndipo mpata ukapita sudzabweranso. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti womanga apeze chilolezo asanayambe ntchito, ndipo mapulani a nyumba za m'tauni amadutsa ku khonsolo. Pamene amafunsa kuti galimoto zidzaima pati, afunsenso za njinga, ndipo pulani ya shopu, banki, sukulu kapena tchalitchi yopanda poimika njinga ibwezedwe. Izi sizidya ngakhale tambala ya khonsolo. Eni nyumba zimene zilipo kale apemphedwe kupereka malo a galimoto imodzi okha.

Kwa makhansala athu, pempho langa ndi lakuti mu bajeti ikubwerayi muikemo malo atatu oyambira: pa msika waukulu, pa depoti ndi pa Mapale. Ntchitoyo mupatse amisiri a konkuno. Pakatha miyezi ingapo mudzawerenge njinga zimene zikuimapo, mumve madandaulo a eni ake, mukonze zolakwika musanapite ku Luwinga ndi ku Zolozolo. Inu amene mumapalasa, lembani pansipa malo amene mumavutika kwambiri kusiya njinga, ndipo wodziwa khansala wa dera lake amutumizire uthengawu.