Maganizo anga: chimene chimagwetsa helikopita pakati pa mapiri

Nthawi iliyonse tikamva kuti helikopita yagwa m'mapiri, makamaka ikakhala kuti inanyamula munthu wodziwika, zokamba za anthu kuno ku Chipata zimathamangira mbali ziwiri. Ena amati ndegeyo inali yakale ndipo injini inazima, pamene ena amati pali dzanja la munthu. Sindikutsutsa kuti makina amawonongeka, ndiponso sindikunena kuti anthu oipa mtima kulibe, koma malipoti a akatswiri ofufuza ngozi zotere amabwereza nkhani ina imene sitikonda kuimva, yakuti ndege yabwinobwino, yokhala ndi woyendetsa wodziwa ntchito yake, inapitiriza ulendo chapansipansi pakati pa mapiri pa nthawi imene inayenera kubwerera kapena kutera. Ine ndikuona kuti pamenepa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ikutikhudza ife a chigawo cha Kum'mawa, chifukwa mzinda wathu wazunguliridwa ndi mapiri, ndipo aliyense wouluka kuchokera ku Lusaka kubwera kuno, kapena kutsikira ku chigwa cha Luangwa, sangapewe zitunda.

Helikopita yothamanga makilomita 200 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 55 pa sekondi imodzi yokha. Ngati woyendetsa akuona mamita 500 okha kutsogolo kwake, ndiye kuti ali ndi masekondi osakwana 10 oti aone phiri, azindikire kuti ndi phiri, aganize kokhotera, ndipo ndegeyo imvere. Wouluka pamwamba kwambiri akalakwitsa pang'ono amakhala ndi mpata wokonza, koma wouluka m'chigwa, mapiri ali uku ndi uku, alibe mpata umenewo, ndipo chigwa chikayamba kupanikiza amapeza kuti malo okhotera atha kale.

Mdani wamkulu pa onse ndi chifunga. Woyendetsa amene akudalira maso ake amafuna kuona pansi nthawi zonse, choncho mitambo ikatsika nayenso amatsika kuti akhale kunsi kwake, ndipo mitamboyo ikatsikanso iye amatsikanso, pamene nthaka ya kumapiri ikukwera kudzakumana naye. Akangolowa m'chifunga, thupi lake lomwe limayamba kumunamiza. Mkati mwa khutu la munthu muli timadzi timene timamuuza ngati waima chilili kapena wapendekeka, koma ndege ikamakhota pang'onopang'ono kwa masekondi angapo timadzito timakhazikika, ndipo munthu amamva ngati akuyenda molunjika pamene akuzungulira n'kumatsika. Izi ndi zimene zinachitika pa 26 January 2020 ku Calabasas m'dziko la America, pamene helikopita ya mtundu wa Sikorsky S-76B inagunda phiri n'kupha anthu 9, kuphatikizapo katswiri wa basketball Kobe Bryant ndi mwana wake wamkazi. Woyendetsa anali atangouza olondolera ndege kuti akukwera kupita pamwamba pa mitambo, chonsecho ndegeyo inali ikutsika mwaliwiro, ndipo bungwe lofufuza ngozi la dzikolo, la NTSB, silinapeze kuti injini inalephera. Pa 8 December 2021, helikopita ya Mi-17V5 inagwa m'mapiri a Nilgiri pafupi ndi Coonoor ku India n'kupha anthu onse 14, mmodzi mwa iwo General Bipin Rawat, mkulu wa asilikali a dzikolo, ndipo ofufuza anati nyengo inasintha mwadzidzidzi m'chigwa, ndege inalowa m'mitambo, woyendetsa n'kusokonezeka. Nayenso Ebrahim Raisi, mtsogoleri wa dziko la Iran, anafa pa 19 May 2024 helikopita yake ya Bell 212 itagwa m'mapiri okutidwa ndi chifunga chochindikala. Ndipo ife a kuno sitingaiwale tsiku la 10 June 2024, pamene malemu Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8 anatisiya m'nkhalango ya Chikangawa kwa abale athu ku Malawi. Iyo sinali helikopita, inali ndege ya Dornier 228, koma mapiri, mitambo yotsika ndi kuuluka chapansi zinalipo zonse.

Ngakhale kumwamba kutayera bwanji, mphepo ya kumapiri ili ndi khalidwe lake. Imachita monga madzi a mumtsinje akafika pa thanthwe: mbali imene akuchokera amakwera mosalala, koma akadutsa pamwamba amagwera pansi n'kumawinduka. Helikopita imene yayandikira phiri kumbali yobisika ku mphepo imakumana ndi mpweya wotsika umene ungathe kuikankhira pansi mofulumira kuposa mmene injini ingaikwezere. N'chifukwa chake oyendetsa ophunzitsidwa bwino sadutsa msana wa phiri molunjika, koma mopingasa, kuti zikavuta akhotere kumene nthaka ikutsika. M'miyezi ya July ndi August, pamene mphepo imawomba mwamphamvu kuno kwathu, zitunda za ku Kacholola, za ku Vubwi ndi mapiri a Muchinga si malo oti munthu aziulukamo mongoyerekeza.

Chinthu china chimene anthu ambiri sachiganizira ndi kupyapyala kwa mpweya. Mapiko ozungulira a helikopita amanyamula ndege pokankhira mpweya pansi, ndipo injini nayo imapuma mpweya womwewo. Malo akakhala okwera komanso kukatentha, mpweya umapepuka, mapiko amagwira wochepa ndipo injini imachepa mphamvu. Chipata ili pamwamba pa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo masana a mu October, kutentha kukafika madigiri 33, ndege imachita ngati ili pa mamita pafupifupi 2,000. Helikopita imene inanyamuka bwinobwino m'mawa kuli kozizira ingathe kulephera kukwera phiri lomwelo masana ndi katundu yemweyo. Apa ndi pamene pamavuta chizolowezi chathu chakuti mlendo wolemekezeka sachoka chimanjamanja: thumba la mpunga, lina la mtedza, ndiponso munthu mmodzi wapadera amene akungopempha kuti amusiye kutsogoloko. Woyendetsa anawerengera kulemera kwa ndege asananyamuke, ndipo kilogalamu iliyonse yowonjezera imadya mphamvu imene akanaigwiritsa ntchito mphepo ikamukankhira pansi. Mphamvu ikachepa, timapiko ta kumchira timene timaletsa ndege kuzungulira natonso timafooka, ndipo ndegeyo ingayambe kupota payokha.

Mawaya a magetsi amapha mwakachetechete. Waya wotambasuka kuchokera pa phiri lina kufika pa lina saoneka konse kumbuyo kwake kukakhala mitengo, moti oyendetsa amaphunzitsidwa kufunafuna mitengo ya magetsi ndi nsanja m'malo mwa wayayo, koma m'chigwa chachikulu nsanjazo zimatalikirana kwambiri ndipo zina zimabisika m'thengo. Onjezanipo utsi wa lupsa umene umaphimba zigwa zathu kuyambira August mpaka mvula itagwa, ndi dzuwa la madzulo lolasa m'maso, mupeza kuti woyendetsa akhoza kukhala wakhungu tsiku lopanda mtambo ngakhale umodzi. Potera napo pali vuto lake. Aliyense amene anaonapo helikopita ikutera pa bwalo la mpira la pasukulu m'chilimwe akudziwa mmene fumbi lofiira limadzukira kuposa madenga, amayi akugwira zitenje ndi kutseka maso a ana, mapepala ndi mapesi zikuuluka. Ife timangotembenuka n'kuphimba kumaso, koma woyendetsa ali pakati penipeni pa fumbilo, saona pansi, ndipo ana athamangira kale kufupi.

Injini imalepheradi nthawi zina. Ku Kenya, lipoti la asilikali linanena kuti vuto la injini ndi limene linagwetsa helikopita imene inapha General Francis Ogolla, mkulu wa asilikali a dzikolo, ndi anthu ena 9 pa 18 April 2024 ku Elgeyo Marakwet. Komabe helikopita yozima injini siigwa ngati mwala, chifukwa mpweya wodutsa m'mapiko pamene ikutsika umawazungulitsabe, ndipo woyendetsa angathe kuitsitsa n'kutera. Kuti zimenezi zitheke pamafunika utali wokwanira ndi malo osalala oti aterepo, ndipo zonse ziwiri kulibe kwa munthu wouluka pamwamba pa nsonga za mitengo m'mbali mwa phiri la miyala. Motero ngakhale pamene makina alakwa, kuuluka chapansi ndi kumene kumasandutsa vuto kukhala maliro.

Funso limene limandivutitsa ndi lakuti n'chifukwa chiyani anthu odziwa zonsezi amapitirizabe ulendo. Pa ngozi ya Kobe Bryant, ofufuza anatchula kuti woyendetsa ayenera kuti anadzipanikiza yekha pofuna kukafikitsa munthu amene ankamulemekeza. Ngati zinatero kumeneko, nanga bwanji kuno kumene tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pamaso? Tangoganizani za woyendetsa wachinyamata amene kumbuyo kwake kwakhala bwana wamkulu, foni ikulira kuti anthu asonkhana kuyambira m'mawa, mafumu akhala kale pansi ndipo gule wayamba. Mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni umachitika mu February mvula ili pakati, wa Kulamba ku Mkaika umachitika mu August mphepo ndi utsi zili pachimake, ndipo nyengo ya kampeni imafuna misonkhano ingapo tsiku limodzi m'maboma otalikirana. Palibe amene amalamula woyendetsa kuti akagunde phiri, koma mawu akuti “tiyeni tingoyesa, mwina kutsogoloko kwayera” ndi olemera kwambiri akachokera kwa munthu amene angathe kukuchotsa ntchito. Ndipo ulendo ukatsala pang'ono kutha, m'pamenenso kubwerera kumavuta kwambiri, chifukwa mtima umati tafika kale.

N'chifukwa chake ndikupempha akuluakulu athu, a boma, a zipani, a mipingo ndi a malonda omwe, kuti woyendetsa akanena kuti lero sitiuluka, nkhani izithera pomwepo, popanda kumufunsa kawiri ndiponso popanda kumusungira chakukhosi. Ifenso odikira pabwalo tileke kuyesa mlendo amene wachedwa kapena wabwera pa galimoto ngati wotinyoza. Okonza misonkhano azisankha malo oterapo akutali ndi mawaya, azithira madzi pabwalo kuti fumbi ligone, aziika anthu oletsa ana kuyandikira, ndipo mphatso zolemera zizitsatira pamsewu. Mawaya odutsa zigwa zikuluzikulu aziikidwa zizindikiro zooneka patali, ndipo ngozi ikachitika, lipoti lonse la ofufuza lizitulutsidwa poyera, n'kufotokozedwanso pa wailesi m'chinenero chathu, chifukwa boma likakhala chete anthu amadzaza mpatawo ndi mphekesera. Pa ulendo uliwonse wa helikopita wopita ku Lundazi, ku Chama, ku Mfuwe kapena ku Vubwi, galimoto yokhala ndi mafuta okwanira izikhala yokonzeka kuyambira dzulo lake, ndipo pulogalamu izilembedwa mosiya maola oti mlendo angathe kufika pamsewu ngati kumwamba kwatseka.