Agogo ku Dublin

Agogo abwera kuchokera ku Dedza kudzaona kachidzukulu kakhanda ku Dublin. Tadala wa zaka 9 waweruka kumene, kusukulu kwawo Chiairishi amaphunzira afune asafune.

Tadala: Agogo mukadzasochera mtauni muno muzikuwa kuti cabhair!

Agogo: Ndikuwe kawiri?

Tadala: Eya, cabhair.

Agogo: Chabwino ndamva kawiri, koma ndikuwe kuti chani?

Tadala: Cabhair agogo!

Agogo: Iwe mwana usandizunguze mutu, kaya kawiri kaya katatu kukuwa ndimatha ine ndinkapirikitsa anyani kumunda amako asanabadwe, ndikufunsa mawu ake.

Tadala: Mawu ake ndi omwewo, ndiye kuti thandizo. Onani mkope umu.

Agogo: (avala magalasi) c, a, b, h... apa alemba kabuhairi. W wako ali kuti?

Tadala: Atichala anati b ndi h zikagundizana pamenepo zimabereka w.

Agogo: B ndi h kubereka w? Mwana ameneyo ngwakunjira, bambo ake akafunse bwino.

Tadala: Basi tengani lina losavuta. Cúnamh.

Agogo: Wati chani?!

Tadala: Cúnamh agogo.

Agogo: Nabanda! Tabwera kuno umve mwana wako akunditi kunama ine, imvi zonsezi, ulendo wonsewu ndege ziwiri miyendo kutupa ndabwerera kudzatukwanidwa ndi kamwana koti kabudula akukachapira.

Mayi a Tadala: Amayi pepani sakukunenani, limenelonso ndi thandizo. Komanso musavutike nazo, anthu muno tsiku lonse amayankhula Chingerezi, Chiairishi chenicheni mungakachimve uko ku Connemara. Zikavuta mungoimba 112 abwera a Garda.

Agogo: Ine ndasochera inu mukunditumizira agadi? A chibonga aja ogona pageti?

Mayi a Tadala: Garda ndi apolisi amayi.

Agogo: Nanga apolisi amawatcha chani, mahedimani?

(Aneba achikulire agogoda, abweretsa buledi wa soda)

Agogo: Uwauze kuti zikomo, Lamulungu tikaonana kutchalitchi.

Aneba: Le cúnamh Dé!

Agogo: Awanso?! Buledi ali m'manja akunditi ndikunama?

Tadala: Ayi agogo, Dé ndi Mulungu, akunena za cúnamh kwa Mulungu.

Agogo: Kunama kwa ndani?! Nabanda, tenga chikwama changa, pasipoti ili mkathumba kamkati. Mphezi ikamagwa nyumba ino indipeze ndili pa Chileka.

Mayi a Tadala: Munakwerera ku Lilongwe amayi.

Agogo: Paliponse, bola ndege.