Ku Mozambique geji imanena bar, kuno "150" ikhoza kukhala chilichonse

Chimene chikutsitsa ulemu wa mainjiniya athu si kusadziwa masamu ayi, ndi khalidwe lotchula nambala yopanda dzina. Pepala lofunsira pampu lingolembedwa kuti "puresha 150", basi. 150 ya chiyani? Tsidya la malire, ku Mozambique, mmisiri akati 10 bar, muyezo wa puresha, mnzake sachita kufunsanso. Atsamunda awo, a ku Portugal, analandira miyezo ya mamita ndi makilogalamu kale mu 1852, pomwe ife tinatengera kwa Angelezi psi (muyezo wawo wa puresha), mafiti ndi mainchesi, n'kudzaunjikanso pamwamba pake geji (chida choonetsa puresha) iliyonse yobwera ndi makina akunja.

Taonani zimene 150 imodziyo imachita. Ngati ali mafiti 150, kutalika kumene pampu ikankhe madzi, amenewo ndi mamita 45.7, pafupifupi 4.5 bar. Koma wogulitsa akawerenga ngati 150 psi, akupatsani pampu ya 10.3 bar, yokankha madzi mamita oposa 100. Ilumikizeni pamapaipi a PVC a Class 6, amene malire ake ndi 6 bar, mutseke valavu kutsogolo, muone. Majointi amayamba kudontha, kenako paipi n'kung'ambika, anthu n'kumanena kuti mapaipi a masiku ano ndi achabechabe.

Anzathu a ku Mozambique zimawaphwekera chifukwa bar imayenda ndi makumi: 1 bar ndi 100 kPa (makilopasikali), 10 bar ndi 1 MPa (megapasikali), ndipo mamita 10 a madzi ndi pafupifupi 1 bar, kwenikweni 0.98. Amangosuntha kadontho. Ife tiyenera kusunga pamtima kuti 1 psi ndi 6.895 kPa, ndiponso kuti mu 1 bar muli 14.5 psi. Osati 14, osati 15 monga amachitira ofulumira aja.

Pamene pamafunika maso ndi podula manambala otsalira. Thanki ya kompuresa yolembedwa 150 psi ndi 10.34 bar. Wina amangoti "tigule sefite valavu ya 11". Valavu yotulutsa mpweya puresha ikachuluka imeneyo idzatsegula pa 160 psi, thanki itapitirira kale malire amene anaipangira, ndipo mathanki ambiri akalewa ali ndi dzimbiri pansi pomwe madzi amakhazikika. Malire a chipangizo amadulidwa motsitsa: tengani ya 10 bar, ndipo swichi yozimitsa mota ikhale m'munsi mwake, monga 8.6 bar imene ndi 125 psi.

Zina ndiwavomereze a kwathu, chifukwa tsidyalo nalonso si kumwamba. Makina akale a kumeneko, ngati ambiri a ku Ulaya ndi ku Japan, ali ndi geji za kgf/cm² (kulemera kwa makilogalamu pa sikweya sentimita), zimene amisiri amangoti "makilo" n'kumaziyesa bar. Kilo imodzi yoteroyo ndi 98.07 kPa, yochepera ndi 2 pa 100 aliwonse. Patayala palibe angazindikire, koma pa hayidiroliki makilo 200 ndi 196 bar. Kalembedwe ka Chipwitikizi nakonso ndi msampha: amalemba 2,5 pomwe ife timalemba 2.5, ndipo 1.500 kPa yawo ikhoza kukhala 1500 yathu. Komabe kulakwa kwawo kwa makilo kuja n'kwa 2 pa 100. Kwathu kosokoneza mafiti ndi psi n'kopitirira kawiri.

Zambia ndi Zimbabwe tili nawo m'bwato limodzi la Angelezi, palibe woseka mnzake. South Africa inasesa zakalezi m'ma 1970 ndipo imakonda kPa.

Musaiwale kuti geji wamba imawerenga ziro ili pamtetete, siwerengera mpweya wotizinga. Buku la makina likalemba psia kapena bar(a), mpweyawo auphatikizamo, womwe ndi 101.3 kPa pamlingo wa nyanja yamchere ndi pafupifupi 90 kPa pamtunda wa mamita 1000. Choncho 100 psig, kutanthauza psi ya pageji wamba, ndi 689 kPa pageji, koma 791 kPa yathunthu mukakhala kunyanjako. Mukasintha nambala n'kutaya kalembo kotsirizako, masamu a stimu ndi a mbali yokokera madzi ya pampu amasokonekera.

Mafulanji nawo, mikombero ya mabowo yolumikizira mapaipi ndi mabawuti, musawatembenuze ndi kakyuleta. Class 150 yolembedwa pafulanji sitanthauza 150 psi. Ya chitsulo wamba imapirira 19.6 bar pa 38°C. Ndipo ngakhale puresha igwirizane, mabowo sagwirizana: fulanji ya mainchesi 4 ya Class 150 ili ndi mabowo 8 pabwalo la 190.5 mm, pomwe inzake ya muyezo wa mamilimita, DN100 PN16, ili nawo pa 180 mm. Amene amakuza mabowo ndi fayilo kuti mabawuti alowe, gasiketi, chotsekera kudontha pakati pa mafulanji, imawatsutsa tsiku loyesa.

Pokonzanso makina akale, sankhani muyezo umodzi, bar kapena kPa, musinthe zonse papepala kamodzi: malire a thanki, sefite valavu, swichi, mapaipi. Nambala yakale isafufutidwe pambale ya makina, yatsopano ilembedwe pambali pake ndi dzina lake. Geji yolowa m'malo ikhale yofika pafupifupi kawiri puresha yogwirira ntchito, ya 16 bar pamakina a 8 bar, kuti singano izikhala chapakati.