Chofunika kwambiri m'galaja yanga ndi shelefu yopanda kanthu

Anzanga okonda kugwira masipanala, ndatha masabata atatu ndikusuntha katundu m'galaja yanga ya pakhomo, ndiye ndati ndinene zimene ndaona zisanandituluke m'mutu. Ena mundikwiyira, makamaka inu amene mwangogula kumene makabati ofiira aja a madilowa ambirimbiri, onyezimira mpaka kuchita kudzionerapo nkhope. Pepanitu. Ine chimene chasintha kagwiridwe kanga ka ntchito sindinachigule n'komwe. Ndi shelefu imodzi yaitali imene ndailamula kuti izikhala yopanda kanthu.

Nkhani yake inayamba chaka chatha, nditatsitsa giyabokosi ya Corolla yanga yakale kuti ndisinthe kilachi. Mumtima ndinkati imeneyi ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Galimoto inakhala pamasitandi miyezi iwiri. Sikuti kilachiyo inavuta ayi. Vuto linali loti chilichonse chimene ndinkamasula chinalibe pokhala. Batire ndinaliika pampando, sitata pamwamba pa zitini za penti, ma driveshaft, zitsulo zozungulitsa matayala zija, ndinawatsamiritsa kukhoma, mabauti ena m'chitini, ena m'thumba la ovololo, ena padenga la galimoto. Litafika tsiku lomanga, ndinangoti kakasi. Mabauti ogwira giyabokosi ku injini ndi osiyana kutalika, ndipo sindinkakumbukanso kuti lalitali lilowa pati. Awiri anasoweratu. Limodzi ndinadzalipeza patapita nthawi m'kati mwa jombo yakale, ngati linachita kuyenda lokha.

Chomvetsa manyazi n'choti mashelefu ndinali nawo anayi, onse odzaza tho. Munali chiyani? Rediyeta yodontha ya galimoto imene ndinagulitsa kalekale, mashoko akutha amene ndinkati mwina tsiku lina, zigubu za oyilo wotsalira pansi, mababu opsa, mawaya opiringizana ngati chisa. Zinthu zakufa zinali ndi malo abwino, zitakwezedwa mwaulemu, pamene ziwalo za galimoto imene ndimayendera zinkagubuduzika m'fumbi.

Chimene ambiri timaiwala n'chakuti galimoto ikamasulidwa imatupa. Ili yomanga imakwana bwinobwino m'galaja. Ingochotsani matayala, bampa, boneti ndi mipando, muona ikufuna malo a galimoto ziwiri. Koma pokonza galaja timawerengera malo a zida ndi poimika galimoto, za ziwalo zake osaziganizira. Shelefu yanga ndi ya zimenezo. Ili kukhoma lakumapeto, kutsogolo kwa boneti, ndipo ili ndi magawo atatu. Zolemera zimakhala pansi, zopepuka pamwamba. Chimene ndayamba kuchotsa chimapita kumanzere, chomaliza kumanja, ndiye pomanga ndimangobwerera chammbuyo. Mabauti osiyana kutalika aja ndawapezera mankhwala: ndimatenga katoni, kujambulapo maonekedwe a chinthu chimene ndikumasula, kuboola, n'kulowetsa bauti lililonse pabowo lofanana ndi pamene lachoka. Ang'onoang'ono amalowa m'timajumbo tolembedwa dzina. Ndipo ndisanazule waya kapena paipi iliyonse ndimayamba ndajambula ndi foni, chifukwa mutu wanga unandinamizapo kokwanira.

Tiyeni tiwerenge pang'ono, poti tepi yoyezera sinama. Corolla ya masiku ano ndi yaitali pafupifupi mamita 4.6, m'lifupi pafupifupi 1.8. Galaja ya galimoto imodzi nthawi zambiri imakhala cha m'ma mamita 3 m'lifupi ndi 6 m'litali. Mukaimika galimoto pakati, mbali iliyonse mwatsala masentimita 60 okha. Tsopano ikanipo kabati ya masentimita 45. Chitseko cha galimoto sichitsegukanso, mkono wa jeke ulibe popopera, ndipo inu mukugwira mabuleki mutadzipinda ngati bongololo. N'chifukwa chake ndachotsa chilichonse chonenepa m'makoma a m'mbali. Kumeneko kwatsala thabwa lopachikapo zida basi. Zosungidwa nthawi yaitali, monga matayala apadera, ndazikweza m'mwamba kupitirira denga la galimoto, pamabulaketi ogwidwa ndi mabauti olowa m'khoma, osati misomali.

Za thabwalo, nzeru yake si yanga. M'mafakitale a ku Japan, monga a Toyota, muli kachitidwe kotchedwa 5S, ndipo gawo lake loyamba, seiri, ndi kupatula zofunika n'kuchotsa zosafunika. Kusanja kumabwera pambuyo. Ife timayambira kumchira, timagula mabokosi okongola oti tisanjemo zinyalala. Kwa iwo ndatengerakonso zojambula chithunzi cha chida chilichonse pathabwa, pamalo pamene chimakhala. Sipanala ikachoka, chithunzi chake chimatsala chikukuyang'ana. Madzulo ndisanatseke boneti ndimangoponya diso kukhoma, ndikaona malo a sipanala ya saizi 10 ali pululu ndimadziwa kuti yagona penapake mu injini. Nonse mukuidziwa 10 ija, imasowa ngati ili ndi miyendo. Ikakhala m'dilowa simungadziwe kuti yasowa mpaka tsiku limene mukuifuna.

Komanso si chida chilichonse choyenera kukhala pafupi ndi dzanja. Pa galimoto za ku Japan ntchito yambiri imathera pa masipanala a saizi 8, 10, 12, 14, 17 ndi 19. Amene mumagwira za ku Germany mukudziwa kuti kwanu kumachuluka 13, 16, 18 ndi ma Torx, zomasulira za nsonga yonga nyenyezi. Zimenezo, pamodzi ndi pulayasi, masikuludiraiva ndi tochi, ndaziika pakatebulo ka matayala kamene kamanditsatira pozungulira galimoto. Chozulira ma bearing, chimene ndimachigwira kamodzi pachaka, chikhoza kukhala patali osadandaula. Torque wrench, sipanala yomangira mabauti moyeza mphamvu, ili m'bokosi lake payokha, ndipo ndikamaliza ntchito ndimaibwezera pa nambala yotsikitsitsa kuti sipuling'i yake isatope n'kuyamba kunama.

Pa nkhani ya kuwala ndiye ndinadziseka ndekha. Zaka zonsezi ndinali ndi babu limodzi pakatikati, ndendende pamwamba pa denga la galimoto, malo okhawo amene munthu sugwirapo ntchito. Ukatsegula boneti mthunzi wonse umagwera mu injini, iwe n'kumaluma tochi ndi mano, malovu akutsika. Pano ndaika machubu a LED m'mbali zonse ziwiri, motsata litali la galimoto, ndi lina pamwamba pa benchi, a kuwala koyera kwa pakati pa 4000K ndi 5000K (umenewu ndi muyeso wa mtundu wa kuwala). Makoma ndapaka penti yoyera. Tsiku loyamba lomwe ndinaona pamene oyilo amachuchira, pamene ndakhala ndikupasaka chaka chonse, pali poyera m'mphepete mwa gasketi ya pamwamba.

Benchi ndaimangirira kukhoma, pa msinkhu wa masentimita pafupifupi 90. Vaisi yopanira zitsulo ndaiika pakona, pamwamba pa mwendo weniweni, kuti ukamenya ndi hamala mphamvu izitsikira pansi m'malo mogwedeza thabwa. Mlomo wake wosasuntha uja watulukira pang'ono kunja kwa benchi, kuti chitsulo chachitali chizigwidwa choimirira. Masoketi a magetsi ndawakweza pamwamba pa benchi, chifukwa chingwe chokwawa pansi chinandigwetsapo kawiri. Kompuresa ndaiika poti dzanja lizifika pa kampopi ka kunsi kwa thanki. Kale inali yopanikizidwa pakona, ndiye sindinkakhetsa madzi, ndipo nditatsegula munatuluka msuzi wa dzimbiri.

Pali mbali ina imene sindilola kukambirana. Jeke ndi yokwezera, si yogwirira galimoto. Usiku wina ndinasiya galimoto ili pa jeke ya oyilo, tayala litachotsedwa, ndikuti ndimaliza m'mawa. Kutacha ndinaipeza yatsika yokha, disiki ya buleki itakhala pa simenti. Palibe anaikhudza. Kalabala kakang'ono ka m'kati mwa jeke kanangotopa, oyilo n'kumabwerera pang'onopang'ono. Dzulo lakelo mutu wanga unali pansi pomwepo. Ndinakhala pansi, miyendo ili zii. Kuyambira pamenepo masitandi amakhala pakhomo penipeni pa galaja, pamodzi ndi zopingira matayala, kuti ulesi usapeze ponamizira. Njerwa ndi mabuloko a simenti ayi, zimaphwanyika mosachenjeza. Ndipo tayala limene ndachotsa ndimalilowetsa kunsi kwa galimoto, kuti zikavuta liyambe ndi ilo kuphwanyidwa.

Posankha kuti ichi chikhale pati, ganiziraninso za mpweya, chifukwa uliwonse uli ndi kumene umalowera. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya wamba, imatsika n'kumakwawa pansi ngati madzi mpaka ikapeze kamoto kutali ndi pamene munatayira. Batire likamatchajidwa limatulutsa hydrogen, iyeyo ndi wopepuka, amakwera kudenga. Choncho timabowo ta mpweya ndaboola m'munsi ndi m'mwamba momwe. Tchaja ili pakona yakeyake, girayinda ndi makina owotcherera ali pafupi ndi khomo, petulo ndi thinala zatuluka, zili m'kabati yachitsulo kunja kwa galaja. Utsi wa ekizozi ndiye umapha mwakachetechete. Carbon monoxide, mpweya wapoizoni wa mu utsiwo, alibe fungo, saoneka, ndipo m'galaja yotseka amagwetsa munthu m'mphindi zochepa. Ndikafuna kuliza injini ndimakankhira galimoto panja. Chozimitsira moto cha ufa, cholembedwa ABC, ndachipachika pakhomo. Kale chinali kuseri kwa benchi, kutanthauza kuti ndikanayamba ndadutsa m'moto kuti ndikachitenge. Musadalire ndowa, petulo akayaka madzi amangomumwaza.

Amene muli ndi ana kapena agalu, madzi obiriwira kapena ofiira a mu rediyeta aja nthawi zambiri amakhala ndi ethylene glycol, wozuna m'kamwa koma wowononga impso. Musawasiye m'beseni losavundikira, ndipo musawathire m'botolo la chakumwa. Brake fluid, oyilo wa mabuleki, nayenso amafuna chitsekero cholimba, chifukwa amayamwa chinyontho cha mumpweya, komanso akadonthera pa penti amaidya.

Nanga pansi ponyezimira popaka epoxy, penti yolimba ija, paja timasirira pa zithunzi? Ndi pokongola, sindikana, ndipo oyilo amapukutika mosavuta. Koma paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Simenti ikakhala yotulutsa chinyontho, kapena itamwa kale oyilo wa zaka zambiri, epoxy amasupuka, tayala lotentha n'kumamunyamula ngati khungu. Ine ndinamata pepala la pulasitiki pansi ndi tepi mbali zonse, n'kulisiya usiku ndi usana. Nditamatula ndinapeza kunsi kwake kuli thukuta. Nkhani inathera pomwepo. Ndinangotsuka pansi, kumata ming'alu, basi. Lifiti ya mizati iwiri yokwezera galimoto nayonso ndimailota ngati wina aliyense, koma zambiri zimafuna denga la mamita pafupifupi 3.6 ndi simenti yolimba yosachepera masentimita 10 kuchindikala kwake. Galaja yanga ilibe zonse ziwiri.

Ndikudziwa wina anena kuti, "Achimwene, mwataya zinthu zoti mudzazifuna mawa." N'zoona. Tsiku lina ndidzafuna kabulaketi kamene ndataya, ndipo ndidzadziluma chala. Koma kabulaketi kameneko ngakhale ndikanakasunga sindikanakapeza. Kangati ndagula chinthu chatsopano, n'kudzapeza chinzake patapita mwezi pansi pa mulu? Mafyuluta a oyilo ndapeza atatu, onse adakali m'makatoni awo. Sikuti ndataya zonse ayi. Mabauti ndi manati abwino ndawapatula m'mabotolo malinga ndi kukula kwake, M6, M8, M10, ndipo timakilipi ta pulasitiki ndatisunga, poti timathyoka nthawi iliyonse ukamachotsa bampa. Zitsulo zakufa zapita kwa ogula zitsulo. Oyilo wakale ali m'chigubu chotseka, kudikira kuti akaperekedwe kumene amalandira, chifukwa wothira pansi amakathera m'madzi.

Nkhondo imene yatsala ndi yoteteza shelefuyo, poti malo opanda kanthu amaitana katundu. Sabata yoyamba yomwe ndinapeza mayi a kunyumba ataikapo makatoni awiri a mabuku akale. Ndikufunsa, iwo akuti, "Bambo, si apa pali malo?" Ndinawafotokozera modekha, anandiseka kwambiri, koma makatoni anachoka. Ndiye dzulo madzulo ndinadzigwira ndekha ndikukwezapo alternator yakufa, chotchajira batire ya galimoto, imene ndinalumbira kuti ndikataya, ati ingokhala kaye pamenepo poyembekezera. Ndinaitsitsa. Ili panja pakhomo panopa, ndipo Loweruka lino ndikumasula mabuleki akumbuyo.