Kodi ofufuza anagawa bwanji magulu awiriwa?

Nkhani yanu ikunena kuti anthu obayitsa katemera amamwalira ochepa poyerekeza ndi osabayitsa, ndipo ine sindikutsutsa kuti katemera amapulumutsa miyoyo, koma ndikupempha kuti mutifotokozere bwino mmene ofufuzawo anagawira anthu m'magulu awiriwa. Munthu amene akudwala mwakayakaya nthawi zambiri sabayidwa katemera, choncho akamwalira amawerengedwa m'gulu la osabayitsa, ngakhale kuti chomupha ndi khansa kapena matenda a mtima amene anali nawo kale. Zimenezi zimachititsa katemera kuoneka wamphamvu kuposa mmene alili. Zaka nazonso zimasokoneza, koma zimakokera mbali inayo: pa nthawi ya COVID-19 okalamba ndiwo anayamba kubayidwa m'mayiko ambiri, ndipo mukaphatikiza agogo a zaka 80 ndi mnyamata wa zaka 20 m'chiwerengero chimodzi, obayitsa angaoneke ngati akufa kwambiri pomwe katemerayo akuwateteza ndithu.

Chimene chikundivuta kwambiri ndi masiku 14 oyamba munthu atangobayidwa, pamene ofufuza ambiri samuwerenga ngati wotetezedwa chifukwa thupi limakhala lisanapange chitetezo chokwanira. Kodi amene anamwalira m'masiku amenewo anaikidwa m'gulu liti, kapena anangochotsedwa m'chiwerengerocho?